Mangani mafulati, koma pansipo musiyire amalonda

Aliyense amene akuyenda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre masiku ano wadzionera yekha kuti nyumba zayamba kukwera m'mwamba. Pitani ku Area 47, ku Area 49, ku Area 10, kapena ku Namiwawa, ku Nyambadwe ndi ku Kanjedza. Pamalo pomwe kale panali nyumba imodzi ya banja limodzi, kadimba ka chimanga kuseri ndi mtengo wa mango pabwalo, lero pakumera mafulati a nsanjika ziwiri, zitatu, pena zinayi. Ena akumanga ndi ngongole ya ku banki, ena ndi ndalama zopumira pantchito, enanso ndi zomwe akutumiza abale a ku Joni ndi ku Mangalande.

Ife a nyuzipepala ino tilibe nawo chifukwa anthu amenewa. Kunena zoona, dziko lino lachita kuchedwa kuyamba kumanga nyumba zosanjikizana. Chomwe chikutidandaulitsa ndi mamangidwe ake.

Taonani fulati iliyonse yatsopano. Yazingidwa ndi chimpanda cha njerwa chotalika kuposa munthu, pamwamba pake waya wamagetsi kapena magalasi a mabotolo, geti limodzi lachitsulo, mlonda ali m'kati. Pansi pa nyumbayo, pomwe pakanakhala golosale, telala kapena wometa tsitsi, aikapo poimika magalimoto. Munthu wodutsa mumsewu akungoona khoma basi, ndipo pakhomapo alembapo ndi penti yofiira kuti osakodza pano, osagulitsa malonda pano. Mayi amene wakhala akuyala tomato pakona imeneyo chaka ndi chaka wauzidwa kuti asamuke, ati akuipitsa malo.

Tsono funso lathu kwa makhonsolo a mizinda ndi kwa eni nyumbazi ndi ili: anthu akachuluka m'mwambamo, ndiwo azikagula kuti? Nanga wogulitsa ndiwoyo aime pati?

Tiyambe ndi chiwerengero, kuti wina asati tikudana ndi chitukuko. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 440,000 mumzinda wa Lilongwe. Pofika 2008 anali opitirira 670,000, ndipo mu 2018 anali pafupifupi 990,000. Blantyre, yomwe mu 1998 inali ndi anthu 500,000 ndi ena pang'ono, inafika pa 800,000 mu 2018. M'zaka 20 zokha anthu a mu Lilongwe anachuluka kawiri n'kupitirira. Koma malo sabereka. Banja lililonse likati lifune poloti yakeyake, mpanda wakewake ndi chimbudzi chake chokumba, mzinda udzatambasuka mpaka kumeza minda ya anthu akumudzi, monga momwe ukuchitira kale mbali za ku Njewa, ku Chitedze ndi ku Lumbadzi.

Ku Blantyre kulibe ngakhale kotambasukirako, chifukwa mzinda unazingidwa ndi mapiri. Tonse tikukumbukira zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pomwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ndipo ena mazanamazana sanapezeke. Abale athu aja sanakamange m'phiri chifukwa chokonda kamphepo kayaziyazi. Anasowa malo kumunsi. Choncho amene akuti timange m'mwamba akunena zoona, ndipo boma nalo linavomereza kale: m'masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, kukula kwa mizinda ndi umodzi mwa mizati itatu.

Koma kumanga m'mwamba kokha sikupanga mzinda, ndipo umboni wake tili nawo pompano.

Likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Ntchito yomanga mzinda watsopanowo inali m'manja mwa bungwe la Capital City Development Corporation lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo ndalama zoyambira kumanga Capital Hill inali ngongole yochokera ku South Africa. Ojambula mapulani anagawa mzindawu ngati nyama ya pamaliro: maofesi a boma kwaokha, mabanki ndi makampani ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, mabwana ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, antchito wamba ku Kawale ndi ku Area 25, ndipo pakati pa zonsezi tchire ndi misewu italiitali. Unali mzinda wa munthu wagalimoto m'dziko lomwe anthu ambiri amayenda wapansi.

Zotsatira zake tikuziona mpaka lero. Pitani ku City Centre Lamulungu masana, kapena tsiku lililonse ikangokwana 6 koloko madzulo. Nyumba zitalizitali zilipo, zokongola ndithu, koma kuli zii ngati kumanda. Mlonda ndi galu basi. Ndiye mutsike ku Old Town, mumsewu wa Malangalanga ndi kufupi ndi depoti. Fumbi, phokoso, kukankhana, koma ndalama ikuyenda kuchokera m'mamawa mpaka usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Old Town ogula, ogulitsa ndi okwera minibasi amapondana mapazi, ndipo Mchesi, Biwi ndi Kawale zili pafupi moti munthu amangoyenda wapansi. Ku City Centre anaiwala kuti munthu wa muofesi nayenso amagona, amadya, amasoketsa zovala.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yomanga nyumba yogona pamwamba pa sitolo si yachilendo kuno. Akuluakulu amene anakulira ku Limbe akukumbukira masitolo a amwenye a mumsewu wa Livingstone ndi wa Churchill: sitolo kutsogolo, banja la mwini sitolo kuseri kapena pamwamba, ndipo pakhonde telala ali ndi makina ake a Singer, pambali pake wokonza mawotchi, kutsogoloko wopolisha nsapato. Khonde limodzi linkadyetsa mabanja anayi kapena asanu. Munthu ankagula nsalu m'sitolo, n'kutuluka masitepe atatu okha, telala n'kumuyeza pomwepo. Mwini sitolo ankapindula chifukwa telala ankamukokera makasitomala, ndipo telala ankapindula chifukwa anali ndi denga popanda lendi yolemetsa. M'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera akumidzi azichitira malonda m'mizinda yokha, masitolo otere anachulukirachulukira ku Limbe ndi ku Old Town.

Kenaka m'zaka za m'ma 1980 kunabwera kampeni ya Red Star, pomwe nyumba zakale za pakati pa mzinda ankazilemba nyenyezi yofiira kuti zigwetsedwe, eni ake amange zamakono zosanjikizana. Maganizo ake sanali oipa. Koma boma linkangoyang'ana maonekedwe, kuti mlendo akamadutsa aziti mzinda watukuka. Silinafunse kuti m'mwambamo muzikhala ndani. Lero m'mwamba mwa nyumba zambiri za ku Limbe mumagona makatoni a katundu, eni ake anasamukira m'mipanda ya ku Mpingwe ndi ku BCA, ndipo masitolo akangotseka tauni imasanduka ya akuba.

Pamene ojambula mapulani ankalekanitsa pogona ndi pogulitsa, anthu wamba ankazilumikiza okha. Yendani m'makwalala a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chinsapo kapena ku Area 25. Pafupifupi nyumba iliyonse yoyang'ana msewu inabowola khoma n'kutsegula hokala. Apa saluni, apo chiwaya cha tchipisi, uko ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, kutsogoloko wowotcherera mageti. Ngakhale m'nyumba za Malawi Housing Corporation ku Area 18, ku Chitawira ndi ku Nkolokosa, zomwe anazimanga kuti zikhale zogona basi, anthu anaika tizibanda ndi makontena kutsogolo. A khonsolo amati zimenezi n'zosaloledwa. Ife tikuti anthuwo anangokonza zomwe wojambula pulani anaiwala. Mayi wa ana atatu sangakwere minibasi kupita kutauni kukagula kawokumani ka ufa, mafuta ophikira a m'kachubu ndi anyezi awiri. Mtengo wa minibasi ungapose wa ndiwozo.

Mfundo imeneyi ndi yomwe akuluakulu athu amalephera kuimvetsa nthawi zonse akayamba kulimbana ndi mavenda. Mu Epulo 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachita Operation Dongosolo, apolisi n'kusesa mavenda onse m'misewu ya mizinda, kuwauza kuti akalowe m'misika yomwe anawakonzera. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo kunalibe makhansala. Kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo ankayenda opanda munthu wosankhidwa ndi anthu, moti venda analibe pokadandaula. Misewu inayeradi, anthu anaombera m'manja. Koma patapita zaka zochepa mavenda anabwerera, ndipo kuchokera pamenepo yakhala nkhondo yosatha: lero awalanda katundu, mawa utsi wokhetsa misozi, mkuja andale akamafuna mavoti awauza kuti gulitsani paliponse.

N'chifukwa chiyani amabwerera? Si mwano ayi. Venda amatsata mapazi a anthu monga msodzi amatsata usipa. Mukamuika mumsika wa kuseri komwe sikudutsa munthu, mwamupatsa benchi koma mwamulanda kasitomala. Komanso misika yake inachepa kuyambira tsiku loyamba, ndipo aliyense amene analowapo mumsika wa Tsoka ku Lilongwe nthawi ya dzinja akudziwa za matope, kuthinana ndi mantha a moto. Takhala zaka zonsezi tikuthamangitsa munthu mumsewu osamuuza pomwe angaime movomerezeka pamalo odutsa anthu. Pano mwayi wapezeka womupatsa malo oterowo, pansi pa mafulati omwe akumangidwawa, koma tikuutsekera kunja ndi njerwa.

Ena atiuza kuti masiku ano kuli mamolo, kuli Chichiri, kuli Gateway. Alipodi, ndipo sitikuwanyoza. Koma zipinda za m'mamolo ndi zazikulu ndipo lendi yake ndi ya makampani. Mnyamata wokonza mafoni kapena mayi wogulitsa zitenje za ku Tanzania sangaiyandikire, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komwe kunadya mpamba wa amalonda ang'onoang'ono ambiri. Ndiponso molo anaimangira munthu wobwera pagalimoto kudzadzaza buti kamodzi pamwezi. Amalawi ambiri sagula choncho. Amagula zalero lero, zamawa mawa.

Pempho lathu kwa makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba ndi losavuta. Lamulo la mapulani a malo la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1988, limafuna kuti munthu asanamange mumzinda apeze chilolezo, ndipo mapulani ake amadutsa m'komiti yoona za mamangidwe. Mphamvu ndiye muli nazo kale. Ikani lamulo lakuti aliyense womanga fulati m'mbali mwa msewu wodutsa maminibasi, mbali ya pansi yoyang'ana msewu ikhale ya tizipinda ta malonda, zitseko zake zotsegukira kumsewu. Mpanda ngati aufuna uyambire kuseri kwa mashopuwo, ndipo magalimoto azikaima kumbuyo. Kutsogolo kukhale khonde lotakata, loti munthu n'kuusapo mvula. Tizipindato tikhale tating'ono dala, mwina mamita atatu mbali zonse, kuti lendi yake ikhale yoti wahokala angaikwanitse. Pakhale mpopi, chimbudzi cha amalonda ndi potaya zinyalala. Sitikunena za msewu uliwonse. M'tinjira ta m'kati mwa Area 10 angathe kukhala ndi bata lawo. Tikunena misewu ikuluikulu yomwe anthu amadutsa kale.

Eni nyumba asaone ngati tikufuna kuwabera. Tiyeni tiwerengere limodzi. Fulati ya pansi ndi yomwe alendi saifuna: fumbi limalowa, odutsa amasuzumira pawindo, akuba amayambira pomwepo. Malo omwewo mukawagawa tizipinda tisanu kapena tisanu n'kamodzi, muli ndi alendi angapo m'malo mwa mmodzi. Wina akalephera kulipira mwezi uno, enawo alipira, ngongole ya ku banki siima. Ndipo banja lofuna nyumba lidzakonda fulati yomwe buledi, mayunitsi ndi wometa zili pansi pa masitepe, kusiyana ndi ya kutchire komwe mchere ukatha mpaka kuliza galimoto.

Nanga chitetezo? Apa ndiye pomwe anthu ambiri anasokonezeka. Timaganiza kuti mpanda wautali ndiye chitetezo. Mpanda umateteza amene ali m'kati, mwina, koma umasandutsa msewu kukhala mpita wamdima. Funsani atsikana ogwira ntchito m'nyumba za ku Area 47 kapena ku Namiwawa kuti amaopa pati akamaweruka madzulo. Saopa pamsika pomwe pali nyali ndi anthu. Amaopa pakati pa mipanda iwiri pomwe ungakuwe mpaka mawu kutha popanda wotsegula geti. Wakuba naye akangodumpha mpanda, mpanda womwewo ndiwo umamubisa. Mayi wina wa ku America, Jane Jacobs, analemba buku lonse mu 1961 pofotokoza kuti misewu ya New York yomwe inali ndi timasitolo pansi ndi anthu okhala pamwamba inali yotetezeka kuposa madera atsopano opanda malonda, chifukwa wogulitsa amaona aliyense wodutsa. Buku lake linatchuka dziko lonse, koma agogo athu akanamuuza zomwezo kwaulere: nyumba ya pamphambano pomwe amayi amasinja saiba mbuzi masana.

Anzathu a ku Ethiopia anayesa zimenezi mwaukulu. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 2000, boma lawo linamanga mafulati ambirimbiri mumzinda wa Addis Ababa, n'kumawagawa kwa anthu mwa mayere. Zipinda za pansi m'midadada yambiri anazisiyira malonda, n'kumazigulitsa kwa wopereka ndalama zambiri kuti phindulo lichepetse mtengo wa nyumba za m'mwamba. Lero pansi pa mafulati amenewo pali malo omwera khofi, mafamase ndi magolosale. Koma tiphunzirenso pomwe anapunthwa. Midadada yambiri anaimanga kutali kunja kwa mzinda, anthu n'kumatha maola panjira. Osauka ambiri omwe anapata nyumba analephera kulipira ngongole yake, n'kuzichititsa lendi kwa opeza bwino. Ndipo mashopu ogulitsidwa kwa wopereka zambiri amathera m'manja mwa amene ali nazo kale. Tikatengera nzeruyi osaisefa, mayi wa tomato uja adzakhalabe panja, kusiyana kwake kungokhala kwakuti pano akumuthamangitsa ndi mwini shopu.

Sitikubisa kuti nkhaniyi ili ndi minga. Walira mvula walira matope.

Amalonda athu ambiri amakaoda katundu ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, ndipo akabwerako amasimba za nyumba zitalizitali, mashopu pansi, mosungira katundu ndi mogona pamwamba, anthu pikitipikiti. Ndi zomwe tikupemphazi. Koma ku Kariakoo komweko mu Novembala 2024 nyumba ya nsanjika zinayi inagwa m'mawa malonda atayamba, anthu oposa 20 n'kufa, ndipo malipoti anati panali ntchito yokuza malo a malonda kunsi kwa nyumbayo. Ku Johannesburg mu Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso pakati pa mzinda n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo inali itagawidwa tizipinda ndi matabwa, njira zothawira zitatsekedwa. Nyumba yosanjikizana si nyumba ya zidina yomwe mmisiri wa pamudzi angaimange ndi diso. Ikagwa imagwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi.

Tsono khonsolo yomwe ilole mashopu pansi pa mafulati iyeneranso kudzuka pampando. Pakufunika injiniya weniweni wosayinira pulani, ndi woyendera amene akafika pamalo amayang'anadi zitsulo ndi simenti, osati envulopu. Tikudziwa momwe mitengo ya simenti yakwerera, ndipo tikudziwa chiyeso chomwe kontilakita amakhala nacho chochulutsa mchenga. Pakufunika lamulo loti mwini nyumba asagumule chipilala pofuna kukuza shopu. Pakufunika masitepe awiri, kuti wokazinga tchipisi pansi akayatsa moto mwangozi, mabanja a m'mwamba akhale ndi kothawira. Musaiwale kuti mabanja ambiri a m'tauni amaphikira makala. Mbaula pa nsanjika yachitatu si nkhani yoseketsa, ndipo magalimoto ozimitsa moto m'mizinda yathu ndi owerengeka.

Ndiye pali madzi. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wautali. Magetsi akazima mipopi imauma. Munthu wa nyumba yapansi ali ndi chimbudzi chokumba kuseri. Wa pa nsanjika yachinayi alibe. Fulati yopanda thanki yokwanira ndi njira yabwino ya zonyansa ndi fakitale ya kolera, ndipo mliri wa 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ukadali m'maganizo mwathu. Izi n'zofunika ngakhale pansi pakhale mashopu kapena ayi, koma mashopu akabwera anthu ogwiritsa ntchito madziwo amachuluka.

Dandaulo lina lomwe tikulimva ndi la phokoso. Akuti mukalola malonda pansi, mawa pabwera bala, zimasipika mpaka mbandakucha, ana osagona. Dandauloli ndi loona ndipo tisalipeputse. Koma chiphaso cha mowa amapereka ndani? Ndi khonsolo yomweyo. Isapereke pansi pa nyumba zogona anthu, basi nkhani yatha. Chigayo, wowotcherera ndi wokhoma zidebe akhale ndi malo awo. Kuletsa telala ndi wogulitsa buledi chifukwa choopa bala kuli ngati kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lakhalapo chiyambire 1964, ndilo likanayamba kuonetsa chitsanzo. Lili ndi malo abwino pafupi ndi tauni, pomwe pali tinyumba takale pa mapoloti otakata, pamene anthu odikira nyumba ndi ankhaninkhani. Mdadada umodzi wokha woyeserera, mumsewu umodzi wa ku Area 18 kapena ku Chitawira, mashopu pansi mabanja pamwamba, ungaphunzitse omanga ena kuposa misonkhano khumi ya ku nyanja. Mabungwe osunga ndalama za penshoni, omwe amakonda kumanga maofesi ndi mamolo, nawonso aganizirepo. Ndalama akumangirazo ndi za aphunzitsi, makalaliki ndi madalaivala omwe akusowa pogona.

Kwa inu ophunzira, nkhaniyi ndi yanunso. Ambiri a inu malo ogona pasukulu munawasowa. A ku Zomba muli ku Chikanda, a ku MUBAS muli ku Chitawira, ku Naperi ndi ku Zingwangwa, a ku Mzuni muli ku Luwinga, anayi m'kachipinda kamodzi, kumayenda usiku kuchokera ku laibulale mutapanira laputopu kukhwapa. Mahositelo omwe anthu akumanga pafupi ndi makoleji ndiwo oyenera kwambiri mamangidwe tikunenawa: pansi pakhale wa fotokope, wa chakudya, wokonza mafoni, ndipo mwina wina wa inu amene wamaliza maphunziro ntchito osaipeza atsegulepo kabizinesi. Ndipo inu amene mukuphunzira zojambula nyumba ndi mapulani a mizinda, aphunzitsi akakupatsani ntchito yojambula, musamangokopera nyumba za ku Dubai pa intaneti. Kakhaleni tsiku limodzi pamsika wa Ndirande ndi kabuku m'manja, muone momwe anthu amayendera, pomwe amaima, pomwe amathawira dzuwa. Mukatero mujambule.

Amalonda nanunso tili nanu mawu, ndipo musakwiye. Mbiri ya mabenchi a m'misika mukuidziwa. Malo amagawidwa, koma ena amatenga atatu n'kumachititsa lendi, ena amapatsidwa chifukwa cha nsalu ya chipani, wogulitsa weniweni n'kutsala mumsewu. Zikadzachitikanso ndi mashopu a pansi pa mafulati, musadzaloze chala khonsolo yokha. Ndiponso mwini nyumba amene waona makoko a nthochi ndi madzi a nsomba pakhomo pake sadzalolanso wamalonda, ndipo adzauza anzake. Makomiti anu a m'misika amadziwa kusonkhetsa ndalama za maliro ndi kukonza zionetsero, monga tinaonera mu Febuluwale 2025 pomwe ogulitsa kaunjika anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo ya mabelo. Mphamvu yomweyo ingathe kugwira ntchito pankhani ya malo.

Makhansala omwe tinawasankha mu Sepitembala 2025 ali m'maofesi. Paliponse pomwe mwaona atchinga malata ndipo mathiraki ayamba kutsitsa mchenga ndi miyala m'mbali mwa msewu wanu, dziwani kuti pulani ya nyumbayo inayenera kudutsa ku khonsolo. Musadikire kuti mpanda uthe. Tumani anthu awiri kapena atatu a komiti yanu kwa khansala wa dera lanu, akamufunse kuti nyumbayo idzakhala ya nsanjika zingati, madzi ake adzachokera kuti, ndipo zitseko za pansi zidzayang'ana kumsewu kapena kumpanda.